Shukudai: zimene ndikanakonda kudziwa mwana wanga asanalowe sukulu ku Japan

Ndikulembera makamaka anzanga amene apeza mwayi wa maphunziro kapena ntchito ku Japan ndipo akuganiza zotenga ana awo. Uphungu umene timapatsana kawirikawiri umakhala wa viza, nyumba, kuzizira ndi kumene kungapezeke ufa wophikira nsima, koma chimene chinasautsa banja langa kwa miyezi yambiri chinali ntchito imene mwana amabwera nayo kuchokera kusukulu, ija kwathu timangoti homuweki ndipo kumeneko amati shukudai.

Ndinapita ndi thandizo la boma la Japan, lija la MEXT, unduna wawo wa zamaphunziro, kukachita digiri yachiwiri payunivesite ina m'chigawo cha Aichi, ndipo monga ambiri obwera mwa njira imeneyi ndinayamba ndi theka la chaka lophunzira Chijapani. Mawu akuti shukudai ndinakumana nawo sabata yoyamba yomwe, chifukwa aphunzitsi ankatseka nawo phunziro lililonse. Eni ake amameza u woyambayo kotero kuti zimamveka ngati akuti shkudai, koma ife amene tinazolowera kutchula lembo lililonse amatimvabe bwinobwino. Ndinalemba tanthauzo lake m'kope n'kuona kuti nkhani yatha.

Mkazi wanga ndi mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri anandipeza mwezi wa Malichi, popeza chaka cha sukulu kumeneko chimayamba mu Epulo. Kuofesi ya mzinda anatiuza kuti mwana amaikidwa m'kalasi potengera zaka zake, osati zimene akudziwa, motero analowa kalasi yachiwiri asakudziwa ngakhale chilembo chimodzi cha Chijapani, pamene anzake anali atatha kale hiragana ndi katakana, zilembo zosonyeza katchulidwe, komanso kanji 80 za kalasi yoyamba, zilembo zokhala ndi tanthauzo. M'kalasi yachiwiri muli kanji zina 160, ndipo pomaliza zaka zisanu ndi chimodzi za pulayimale mwana amayenera kudziwa 1,026. Sukulu ya boma ndi mabuku ake ndi zaulere ngakhale kwa ana a alendo, koma nthawi imeneyo chakudya cha masana, makope ndi timabuku tochitira shukudai makolo tinkalipira. Pali thandizo la mabanja opeza zochepa lotchedwa shūgaku enjo, ndipo banja lodalira ndalama ya wophunzira mmodzi, imene kwa ine inali pafupifupi 144,000 yen pa mwezi, likhoza kuliyenerera. Fomu yake inabwera tsiku loyamba m'mulu wa mapepala amene sitinathe kuwerenga, tinaipereka mochedwa, ndipo ndalama za miyezi yoyambirira sitinabwezeredwe. Funsani za thandizo limeneli tsiku lomwe mukulembetsa mwana.

M'chikwama cha mwana munali kakope kena kocheperako, ka mizere yotsika kuchokera pamwamba kupita pansi. Tsiku lililonse ankabwera atalembamo timizere tingapo tokhotakhota, tina titazunguliridwa ndi kabwalo, ndipo ife tinkati ndi kope lophunzirira kulemba. Dzina lake ndi renrakuchō, ndipo ndilo njira yaikulu imene mphunzitsi ndi kholo amalankhulirana. Mphunzitsi amalemba pabolodi zofunika mawa lake, ana n'kukopera. Chilembo し chozunguliridwa chinkaimira shukudai, ndipo も chinkaimira mochimono, kutanthauza zinthu zoti mwana abwere nazo. Pansi pa tsamba pali kabokosi koti kholo lisaine kapena kudindapo chidindo chake posonyeza kuti laona. Mwana wathu ankajambula zilembozo monga mmene ankaziwonera pabolodi osadziwa chimene zikunena, ndipo timabokosi tathu tinakhala topanda kanthu kwa milungu yambiri, pambali pake pakuchuluka mawu a aphunzitsi olembedwa ndi cholembera chofiira.

Shukudai ya tsiku ndi tsiku inali ya mbali zitatu: kulemba kanji mobwerezabwereza, masamu a m'kabuku kotchedwa keisan doriru, ndi ondoku, ndiko kuwerenga mokweza nkhani ya m'buku la Chijapani pamaso pa kholo. Ondoku ndi imene inandizindikiritsa pambuyo pake kuti ntchitoyi amaikonza podziwa kuti kunyumba kuli wamkulu womvetsera. Ili ndi khadi lake la timabokosi, momwe kholo limaika chizindikiro chosonyeza ngati mwana wawerenga ndi mawu omveka, ngati sanadodome, ndi ngati wapumira pamalo oyenera, kenako n'kusaina. M'mawa mwana aliyense amaika makope ake m'dengu kutsogolo kwa kalasi, ndipo amene sanabweretse amayenera kukauza mphunzitsi yekha. Chiganizo chimene ana amanena pamenepo n'chakuti shukudai o wasuremashita, kutanthauza kuti ndaiwala shukudai, ndipo amachinena ngakhale pamene sanaiwale koma ntchito inawakanika. Ichi ndicho chiganizo chathunthu choyamba cha Chijapani chimene mwana wanga anaphunzira, ndipo ankachinena m'mawa uliwonse anzake akumva. Ife sitinkadziwa. Tinkangoona kuti mwana amene kwathu ankadzuka yekha kukonzekera sukulu wayamba kudandaula m'mimba Lolemba lililonse, ndipo amayi ake ankati mwina chakudya cha kusukulu sichikumuyanja.

Chakumapeto kwa Meyi aphunzitsi ake anandiimbira foni. Analankhula pang'onopang'ono ndi mwaulemu, ndipo mwa zonse zimene ananena ndinagwirapo mawu akuti shukudai o dashite imasen. M'kalasi yathu ya Chijapani ndinaphunzira kuti shukudai o dasu ndi zimene mphunzitsi amachita popereka ntchito kwa ophunzira, choncho ndinamva kuti akundiuza kuti sakumupatsa mwanayo shukudai chifukwa sanadziwe chilankhulo. Ndinawathokoza kwambiri chifukwa cha kuganizira kwawo. Anakhala chete kanthawi, kenako anatsanzika. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mneni yemweyo dasu amagwiranso ntchito pamene wophunzira akupereka ntchito yake kwa mphunzitsi, ndipo popeza Chijapani nthawi zambiri sichitchula wochita chinthu, chiganizocho chikhoza kumveka mbali zonse ziwiri. Aphunzitsiwo ankandiuza kuti mwana wanga sakupereka shukudai, ine n'kumawathokoza. Mukamva mawu amenewa funsani kuti dare ga, kutanthauza kuti ndani. Mawu osasokoneza a kupereka ntchito kwa mphunzitsi ndi teishutsu, ndipo ndi amene amapezeka pamakalata a sukulu pamodzi ndi tsiku lomaliza kupereka.

Nkhani ya kachongedwe inatipweteka mwa njira ina. Masamu mwana wathu ankawatha, chifukwa manambala ndi amodzimodzi kulikonse, koma tsiku lina anabwera ndi pepala lodzaza ndi mabwalo ofiira, pali malo awiri okha ochongedwa. Amayi ake ataliona anamukalipira kuti wakhoza ziwiri zokha, mwana n'kulira osatha kufotokoza. Ku Japan bwalo ndilo limasonyeza kukhoza, ndipo chizindikiro chija kwathu timachongera yankho lolondola aphunzitsi ambiri kumeneko amachiika pa yankho lolakwika. Bwalo lalikulu lokhala ndi timasamba ngati duwa, lotchedwa hanamaru, ndi chiyamikiro chapadera. Komanso ntchito yochongedwa sinathe mpaka zolakwikazo zitakonzedwa, zimene amati naoshi, ndipo pa kanji mphunzitsi amayang'ana ngakhale kakhotedwe ka kumapeto kwa mzere, kotero kuti chilembo chimene kwa ine chinkaoneka changwiro chinkabwerera chitalembedwanso mofiira pambali pake.

Titaona kuti zinthu sizikuyenda, ngakhale kuti vuto lenileni tinali tisanalidziwe, tinamulembetsa kusukulu yolipira ya madzulo, zimene amati juku, pamtengo wopitirira 7,000 yen pa mwezi pa phunziro limodzi. Sindikunena kuti sukulu zoterezi n'zoipa, koma kwa ife inali ndalama yotayika, chifukwa nakonso ankamupatsa mapepala oti azichita kunyumba tsiku lililonse, ndipo mwana amene ankalephera shukudai imodzi anapezeka ali ndi ziwiri. Tinamusiyitsa patapita nthawi yochepa. Chimene chinatithandiza pambuyo pake chinali chaulere: kalasi ya Loweruka ya anthu ongodzipereka, ambiri a iwo aphunzitsi opuma pantchito, yokonzedwa ndi bungwe la mumzindamo loona za alendo. Mizinda yambiri ili ndi bungwe lotere, lotchedwa kokusai kōryū kyōkai, ndipo kumeneko mwana amapita ndi shukudai yake ya kusukulu yomweyo n'kukhala ndi munthu womuthandiza.

Zinthu zinatembenuka mu Julaye pa nthawi imene kholo lililonse limaitanidwa kukaonana ndi mphunzitsi paokha. M'chigawo cha Aichi muli ana ambiri a makolo ochokera ku Brazil ndi ku Philippines, motero makalata omasuliridwa amene sukulu inali nawo anali a Chipwitikizi ndi Chitagalogi, koma titapempha womasulira wa Chingerezi anapezeka. Aphunzitsi anatsegula renrakuchō pamaso pathu n'kuyamba kuwerenga mawu ofiira aja tsamba ndi tsamba, womasulira akutiuza tanthauzo. Ankafunsa ngati ntchitoyo ikumuchulukira mwana, ngati tingakonde kuti aichepetse, ngati kunyumba kuli womuthandiza. Palibe funso limene tinayankha. Kenako anatiuza za chiganizo chija cha m'mawa uliwonse, ndipo mkazi wanga anaweramitsa mutu, osadzutsanso mpaka titatuluka. Ine manyazi ndi chisoni zinandigwira nthawi imodzi, makamaka nditakumbukira foni ija.

Tsiku lomwelo tinagwirizana zinthu zimene zikanatheka kale mu Epulo tikanadziwa kupempha. Mwana anayamba kutengedwa maola ena pa sabata kukaphunzira Chijapani payekha, m'malo mwa kanji za kalasi yachiwiri anayamba ndi hiragana kenako kanji za kalasi yoyamba, ndipo nkhani zowerenga aphunzitsi ankaziika tizilembo ting'onoting'ono totchedwa furigana tosonyeza katchulidwe. Anandiphunzitsanso ziganizo ziwiri zolemba mu renrakuchō: koko made yarimashita, kutanthauza kuti wachita mpaka apa, ndi muzukashikute dekimasen deshita, kutanthauza kuti inali yovuta ndipo sanathe. Ndi ziganizo zimenezi mwana salinso woiwala, popeza kholo lachitira umboni kuti anayesa. Sukulu zambiri zimalangiza kuti mwana aziwerenga kunyumba mphindi khumi kuchulukitsa ndi kalasi yake, ndiye kuti wa kalasi yachiwiri mphindi 20, ndipo aphunzitsi anati ngati wathu wapitirira kwambiri pamenepo tizimusiyitsa n'kulemba. Pa ondoku anati sikofunika kuti kholo limve tanthauzo, bola likhale pansi, limvetsere ndi kusaina.

Tinatuluka m'chipindamo titanyamula mphika wa pulasitiki wa tomato amene mwana anadzala kusukulu, pamodzi ndi envelopu yaikulu, ndipo apa ndi pamene panayambira vuto lachiwiri. Tchuthi cha m'nyengo yotentha kumeneko chimayamba cha pa 20 Julaye n'kufika kumapeto kwa Ogasiti, ndipo chili pakati pa chaka cha sukulu, kotero kuti natsuyasumi no shukudai, ntchito ya patchuthi imeneyi, ndi yaikulu kuposa ina iliyonse. Mu envelopu yathu munali buku la mafunso a masamu ndi Chijapani, mapepala olembapo zochitika za masiku ena pamodzi ndi chithunzi chojambula pamanja, khadi lolembapo kakulidwe ka tomato uja, tebulo lolembapo nyengo ya tsiku lililonse, ndi mndandanda wa ntchito zina monga kulemba maganizo pa buku limene mwana wawerenga, pa pepala la timabokosi 400 lotchedwa genkō yōshi, ndi kafukufuku wa mutu wodzisankhira wotchedwa jiyū kenkyū. Munalinso kabuku ka mayankho kolembedwa kuti n'ka makolo, chifukwa patchuthi wochonga ndi kholo, ndi cholembera chofiira, pogwiritsa ntchito mabwalo aja.

Zinthu ziwiri ndinazidziwa mochedwa. Choyamba, si zonse za pamndandanda zimene zili zokakamiza: kusukulu kwathu zina zinali zoti mwana asankhepo imodzi, koma ife tinayamba kulimbana ndi zonse. Chachiwiri, pakati pa tchuthi pamakhala tsiku lopita kusukulu, limene ku Aichi amati shukkōbi ndipo madera ena amati tōkōbi, ndipo ntchito zina zimaperekedwa pa tsikulo, osati potsegulira sukulu. Ife tinkawerengera Sepitembala, ndipo tinadzadziwa za tsikulo madzulo ake oti mawa, mayi wina wa m'nyumba yoyandikana nafe atafunsa ngati chithunzi cha mwana chauma. Usiku umenewo tinagona mochedwa. Tomato naye anafota pamene tinachokapo masiku angapo pakati pa Ogasiti, nthawi imene kutentha kumeneko kumapitirira madigiri 35, ndipo ndinkafuna kukagula wina kuti mwana azijambula, koma agogo ena a m'kalasi ya Loweruka anandiletsa, nati ajambule wofotayo ndi kulemba chimene chinachitika, chifukwa cholinga n'kuphunzira kuyang'anitsitsa. Aphunzitsi analandira khadilo n'kuikapo hanamaru. Tebulo la nyengo limene tinadumpha masiku tinalidzaza poyang'ana pa intaneti zolembedwa ndi nthambi ya boma yoona za nyengo, ndipo ndinamva kuti makolo a Chijapani nawonso amachita zomwezo sabata yomaliza ya Ogasiti. Pa kafukufuku wodzisankhira mwana anasonyeza kaphikidwe ka nsima, ndi zithunzi zimene tinasindikiza pasitolo n'kumata papepala lalikulu logula ku Daiso, sitolo ya zinthu zotsika mtengo, kuyambira pa kufunditsa madzi mpaka kuomola, ndipo ndi ntchito yokhayo ya tchuthi chonse imene anachita akuseka.

Nthawi yomweyo mawu omwewa ananditchera msampha kumbali yanga. Payunivesite ntchito yopatsidwa m'kalasi kawirikawiri imatchedwa kadai kapena repōto, motero ndinkaona kuti shukudai ndi mawu a ana ndi a makalasi a chilankhulo basi. Tsiku lina ndikufotokoza kafukufuku wanga pamsonkhano wa gulu lathu, mphunzitsi wondiyang'anira anandifunsa funso limene sindinathe kuyankha, kenako anamwetulira n'kunena kuti jā, sore wa shukudai desu ne, kutanthauza kuti basi, imeneyo ndiye shukudai. Ndinasekera limodzi ndi anzanga, poganiza kuti ndi nthabwala yotsekera nkhani kuti ndisachite manyazi. Pamsonkhano wotsatira mawu awo oyamba kwa ine anali akuti shukudai wa, kutanthauza kuti nanga shukudai ija, ndipo ndinalibe kanthu m'manja. Sanakalipe, anangoti tipitirize, koma mutu wa kafukufuku wanga umene unayenera kuvomerezedwa tsikulo unadikira msonkhano wa mwezi winawo.

Mnzanga wa Chijapani wa m'gulumo ndiye anandifotokozera. Mawuwa amalembedwa 宿題, chilembo choyamba chili ndi tanthauzo la kugona kapena malo ogona alendo, ndipo chachiwiri ndi mutu wa nkhani kapena funso. Kale pamisonkhano ya alakatuli ankatchula choncho mutu woperekedweratu kuti munthu akaulingalire kwawo n'kubwera ndi ndakatulo, kusiyana ndi mutu woperekedwa pomwepo. Pakati pa akuluakulu tanthauzo limeneli likadalipo: shukudai ndi nkhani imene sinathe lero, imene munthu wina wapita nayo ndipo adzabwera ndi yankho. Ili ngati mbale ya ndiwo imene mnansi wakupatsa, imene siibwerera yopanda kanthu. Nditapita kukaphunzira ntchito pakampani ina ndinamva akuluakulu akunena kuti shukudai ni sasete kudasai, kutanthauza kuti ndiloleni ndiitenge ngati shukudai, akafunsidwa chinthu chimene sangayankhe asanafunse anzawo, ndipo m'zolemba za msonkhano nkhani zoterozo zinkaikidwa pazokha, pambali pake pali dzina la wozitenga ndi tsiku. Manyuzipepala amagwiritsanso ntchito mawuwa ponena za mavuto amene boma lawasiya osawathetsa. Mkulu wanu akakuuzani mawu amenewa, ngakhale akumwetulira, lembani funsolo pomwepo ndipo funsani kuti itsu made desu ka, kutanthauza kuti pofika liti.

Teremu yachiwiri ya sukulu inabwera ndi chimene amati kuku, ndiko kuloweza kuchulukitsa manambala kuyambira 1 mpaka 9, kumene ana a kalasi yachiwiri amachita moimba: ni ichi ga ni, ni nin ga shi, ni san ga roku, mpaka kukafika pa ku ku hachijūichi. Katchulidwe ka manambala m'kuloweza kumeneku nthawi zina kamasiyana ndi ka masiku onse, mwachitsanzo 3 kuchulukitsa ndi 3 amati sazan ga ku, motero ngakhale ine amene ndinkadziwa kuwerengera m'Chijapani sindikanatha kumumvetsera popanda thandizo. Khadi lake linkafuna kuti mwana anene mzere uliwonse mokwera, motsika ndi mosakaniza, kholo likumva. Ndinapempha wa m'kalasi ya Loweruka kuti atilembere zonse m'zilembo zathu, tinamata pepalalo pakhoma pafupi ndi tebulo lodyera, ndipo amayi ake ankamumvetsera akuphika. Apa mwana anayendera limodzi ndi anzake kwa nthawi yoyamba, ndipo za m'mimba zija zinaiwalika. Kwa ine mtengo wake unali wakuti ndinkachoka kuyunivesite dzuwa lisanalowe kuti ndikakhale naye pa ondoku ndi kanji, n'kumapitiriza ntchito yanga iye atagona.

Kunena zoona, sanawapeze anzake chaka chimenecho. Ku Japan mwana wa pulayimale sabwereza kalasi monga zimachitikira kwathu, choncho mu Epulo anakwera kupita kalasi yachitatu, kumene kuli kanji zatsopano 200, iye akulimbanabe ndi za kalasi yachiwiri. Anapezanso mphunzitsi watsopano, ndipo sabata yoyamba shukudai inabwera yathunthu monga ya mwana aliyense, chifukwa zimene tinagwirizana mu Julaye zinali pakati pa ife ndi mphunzitsi wakale. Ulendo uno sitinadikire kuitanidwa. Ndinalemba mu renrakuchō kupempha kuonana nawo pamodzi ndi womasulira, ndinatenga makope a chaka chathacho kuti aone pamene mwana anafika, ndipo mwezi wa Epulo usanathe tinali titagwirizana kuti azilemba kanji zochepa za kalasi yachitatu pamodzi ndi zotsala za kalasi yachiwiri, n'kudzaonanso mmene zikuyendera mu Julaye.